Amayi Atatu Okunkha Tirigu: Mbiri ya Chithunzi cha Millet

Mumzinda wa Paris, m'nyumba yosungiramo zojambula yotchedwa Musée d'Orsay, muli chithunzi cha amayi atatu akutola ngala za tirigu m'munda umene eni ake akolola kale. Amene anachijambula ndi Jean-François Millet, ndipo anachionetsa koyamba mu 1857. Dzina lake m'Chifalansa ndi Des glaneuses, kutanthauza akazi okunkha. Si chachikulu kwenikweni: msinkhu wake ndi masentimita pafupifupi 84, m'lifupi masentimita 110. Masiku ano alendo ochokera m'mayiko osiyanasiyana amaima pamaso pake n'kumayamikira bata lake ndi kuwala kwa dzuwa la nyengo yokolola. Koma chaka chimene chinaoneka koyamba, olemba nyuzipepala ena a ku Paris anachinyoza, ena chinawachititsa mantha. Patangopita zaka 32 chinagulidwa pa mtengo woyamba uja kuuchulukitsa ka 100. Mbiri ya chithunzichi ndi mbiri ya momwe anthu a m'tauni ankaonera mudzi: poyamba ankauopa, kenako anayamba kuukometsera, koma nthawi zonse ziwirizi eni mudziwo sanafunsidwe kanthu.

Zimene zili pachithunzi

Malo ojambulidwawo ndi chidikha cha Chailly, pafupi ndi mudzi wa Barbizon, makilomita pafupifupi 60 kummwera kwa Paris. Ku France tirigu amakololedwa mu Julayi ndi Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo. Kutsogolo kwa chithunzi kuli amayi atatu ovala zovala zokhuthala, zothaitha, mitu yomangidwa mipango: wina wabuluu, wina wofiira, wina wachikasu. Awiri awerama mpaka dzanja kufika paziputu. Wa kumanzere wabweza dzanja lina kumsana, m'menemo wafumbata timapesi timene watola. Wachitatu, kumanja, akuweramuka, koma msana sunawongoke. Nkhope zawo sizikuoneka bwino. Zimene zikuoneka ndi misana, mapewa ndi manja okhakhala.

Kumbuyo kwawo, chapatali, kuli dziko lina. Kuli milu ikuluikulu ya tirigu, ngolo yodzaza, khamu la antchito akumanga mitolo, nyumba za pafamu, ndiponso munthu wokwera kavalo, amene ndi kapitawo woyang'anira ntchito. Mbali imeneyo Millet anaijambula yowala ndi fumbi lagolide, pamene amayi aja anawaika pa dothi loderapo. Palibe mmodzi mwa iwo amene mutu wake wapitirira mzere umene thambo lakumana ndi dziko. Onse atatu ali pansi pa mzerewo, ngati kuti nthaka yawakoka. Zokolola za mwini munda ndi zimene wokunkha wafumbata zili pansalu imodzi, ndipo woyang'ana angathe kuziyerekeza yekha popanda womuuza.

Kukunkha unali ufulu wolembedwa

Amayiwa sakuba, sakupemphanso. Akuchita chinthu chimene lamulo la dziko lawo linkalola. Maziko ake anali m'Baibulo: buku la Levitiko ndi la Deuteronomo amalamula mwini munda kuti asabwerere kukatola zotsalira, koma azisiyire osauka, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Nkhani ya Rute, amene anakunkha m'munda wa Boazi kuti adyetse apongozi ake Naomi, inali yodziwika kwa mlimi aliyense wopita kutchalitchi.

Mu 1554 mfumu Henri II inakhazikitsa lamulo lopereka ufulu wokunkha kwa okalamba, olumala, ana ndi ena opanda mphamvu zogwira ntchito yokolola. Anthu amphamvu sankaloledwa, chifukwa eni minda ankafuna kuti amenewo azigwira ganyu. Ufumu utagwedezeka pa kuukira kwa 1789, lamulo la minda la 1791 linasunga mwambowu n'kuuikira malire. Okunkha sankayenera kulowa m'munda mpaka mtolo womaliza utachotsedwa. Abusa nawo ankayenera kudikira masiku awiri asanalowetse ziweto, kuti osauka ayambe atolamo. Kukunkha dzuwa lisanatuluke kapena litalowa unali mlandu. M'midzi munali mlonda wa minda, wolembedwa ntchito ndi boma la m'mudzimo, amene ankaonetsetsa kuti zimenezi zikutsatidwa, ndipo m'madera ena meya ndiye ankanena mabanja oyenera kukunkha.

Nkhaniyi sinali yaing'ono. Kwa mlimi wosauka wa ku France buledi anali ngati nsima: chakudya chenicheni, chimene chinkadya gawo lalikulu la ndalama za banja. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngala zotoledwa imodziimodzi kwa masiku angapo zinkasanduka ufa wothandiza banja m'nyengo yozizira. Eni mafamu akuluakulu ankaona mwambowu ngati cholowerera pa katundu wawo, ndipo mikangano ya pakati pa iwo ndi okunkha inali yosatha. Zokolola zikavuta, mkangano unkasanduka chipolowe. Mu 1846 tirigu sanachite bwino, mitengo inakwera, ndipo mu Januwale 1847 anthu anjala a m'tauni ya Buzançais analanda ngolo za tirigu n'kuphwanya nyumba za olemera. Atatu mwa iwo anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo anaphedwadi. Zimenezi zinachitika zaka khumi zokha chithunzi cha Millet chisanaoneke.

Mwana wa mlimi wa ku Gruchy

Millet ankaudziwa munda kuyambira ali mwana. Anabadwa pa 4 Okutobala 1814 m'kamudzi ka Gruchy, m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Normandy. Makolo ake anali alimi okhala ndi malo awoawo, osalemera komanso osasowa chakudya. Iye anakula akulima, kufesa, kumweta udzu ndi kupeta. Kunyumba ndi kumunda kunkalankhulidwa chilankhulo cha ku Normandy, chimodzi mwa zilankhulo za kumudzi zimene anthu ophunzira ankazitcha patois, mawu amene ankatchulidwa monyoza. Ansembe a m'deralo anamuphunzitsa Chilatini, ndipo moyo wake wonse ankakonda kuwerenga Baibulo ndi ndakatulo za Virgil. Choncho anakula ndi malilime a mbali ziwiri, la kumunda ndi la m'mabuku.

Luso lake litaoneka, anapita kukaphunzira kujambula ku Cherbourg, ndipo mu 1837 akuluakulu a tauniyo anamupatsa ndalama zokapitiriza maphunziro ku Paris, kwa katswiri Paul Delaroche. Zaka zake zoyamba zinali za umphawi. Ankajambula nkhope za anthu ndi tizithunzi togulitsika msanga, ndipo mkazi wake woyamba anamwalira mu 1844. Mu 1848, chaka chimene mfumu Louis-Philippe inachotsedwa pampando, Millet anaonetsa chithunzi cha munthu wopeta tirigu, ndipo kuyambira pamenepo ntchito ya kumunda inakhala mutu wake waukulu.

Mu 1849 matenda a kolera atavuta ku Paris, anasamuka ndi banja lake kupita ku Barbizon, m'mphepete mwa nkhalango ya Fontainebleau. Kumeneko kunkasonkhana kale akatswiri ojambula mitengo, miyala ndi madambo, monga Théodore Rousseau, amene anakhala mnzake wapamtima. Anzakewo ankakonda nkhalango, koma Millet ankayang'ana mbali inayo, kuchidikha kumene kunali minda ndi anthu. Sankajambulira kumunda. Ankayenda, kuyang'anitsitsa, kulemba timizere papepala, kenako n'kukamaliza m'nyumba zimene maso asunga. Nkhani ya okunkha anaiyesa kwa zaka zingapo. Mu 1853 anapata mendulo ndi chithunzi cha okolola akupuma, chimene chinachokera pa nkhani ya Rute ndi Boazi. M'chithunzi cha 1857 anachotsa Boazi wachifundo uja, n'kusiya amayi okhaokha ndi kapitawo wapakavalo ali patali.

Paris achita mantha

Nthawi imeneyo mbiri ya wojambula inkapangidwa kapena kuwonongeka pa chionetsero chachikulu cha boma chotchedwa Salon. Kumeneko kunali mwambo wa zoyenera ulemu ndi zosayenera. Pamwamba panali zithunzi za mafumu, nkhondo, oyera mtima ndi milungu ya Agiriki. Mlimi ankaloledwa kuoneka ngati kadontho kokometsera malo, kapena ngati munthu wosangalala akuvina pa chikondwerero. Millet anatenga anthu otsikitsitsa a m'mudzi, amene analibe ngakhale ganyu, n'kuwaika kutsogolo, matupi awo olemera ndi okhazikika ngati ziboliboli zakale.

Wolemba wina wotchuka, Paul de Saint-Victor, anawafanizira ndi zoopsezera mbalame zovekedwa nsanza, n'kudandaula kuti akudzikweza ngati milungu itatu ya umphawi. Wina analemba kuti kuseri kwa amayiwo akuona mikondo ndi malo opherapo anthu a mu 1793, chaka chimene mfumu Louis XVI inadulidwa mutu. Analiponso oyamikira, monga Edmond About, koma mawu a mantha ndi amene anamveka kwambiri.

Manthawo anali ndi pochokera. Mwa anthu pafupifupi 36 miliyoni a ku France, atatu mwa anayi alionse ankakhala kumudzi. Mu 1848 amuna onse akuluakulu anapatsidwa ufulu wovota, ndipo chiwerengero cha ovota chinachoka pa 250,000 kapena kucheperapo kufika pa 9 miliyoni. Mwadzidzidzi tsogolo la dziko linali m'manja mwa alimi. Mu Disembala 1851, Louis-Napoléon Bonaparte atalanda mphamvu zonse za boma, amene anatenga zida kukana anali makamaka anthu a m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono a kummwera ndi pakati pa dzikolo. Munthu wolemera wa ku Paris, poona manja a amayi aja mu 1857, ankakumbukira zonsezi.

Millet ankakana kuti ndi munthu wandale. Ankati akungojambula zimene wakhala akuona chibadwire, ndipo maganizo ake pa ntchito yakalavulagaga anali a m'buku la Genesis, kuti munthu adzadya thukuta lake. Koma kuona molondola nakonso kunali kokwanira kusautsa. Zimenezi zimaoneka bwino poyerekeza ndi katswiri wina, Jules Breton, amene mu 1859 anaonetsa chithunzi cha okunkha akuitanidwa kuti aweruke madzulo. Akazi a Breton ndi okongola, aimirira chilili, asenza mitolo yonenepa, ndipo mlonda wa minda ali pambali kusonyeza kuti zonse zili m'dongosolo. Chithunzi chimenecho anachigula ndi mfumu Napoléon III. Cha Millet chinagulitsidwa pa mafranki 3,000, pansi pa mtengo umene iye ankafuna.

Kuchoka pa 3,000 kufika pa 300,000

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1863 Millet ananyozedwanso chifukwa cha chithunzi cha mwamuna wotopa atatsamira khasu, koma pa chionetsero cha mayiko onse cha 1867 ku Paris ntchito zake zinalemekezedwa, ndipo mu 1868 boma linamupatsa mendulo ya Légion d'honneur. Anamwalira ku Barbizon pa 20 Januwale 1875, atasiya mkazi ndi ana asanu ndi anayi. Mu 1881 kunatuluka buku la moyo wake lolembedwa ndi mnzake Alfred Sensier, limene linamuonetsa ngati mlimi wofatsa ndi wopembedza. Anthu ambiri, makamaka a ku America, anamukonda Millet wa m'bukulo. Vincent van Gogh nayenso ankamutenga ngati tate wake pa luso, ndipo anajambulanso zithunzi zake zambiri.

Pofika 1889 dziko la France linali litasintha. Njanji zinali zitafika m'zigawo zonse, achinyamata ankachoka kumudzi kupita ku mafakitale, ndipo alimi sankaopedwanso ngati oukira. Ankaonedwa ngati mizu ya fuko, anthu odekha osunga miyambo. M'chaka chimenecho chithunzi china cha Millet, L'Angélus, cha mwamuna ndi mkazi akupemphera m'munda wa mbatata, chinagulitsidwa pa okushoni pa mafranki 553,000, kenako chinapita m'manja mwa anthu a ku America, ndipo Afalansa ambiri anadandaula ngati kuti chuma cha dziko chabedwa. Chaka chomwecho Des glaneuses chinagulidwa pa mafranki 300,000 ndi mayi Pommery, mwini kampani yopanga vinyo wodula wa shampeni ku Reims. Iye atamwalira mu 1890, chithunzicho chinaperekedwa ku Louvre, ndipo chinasamutsidwira ku Musée d'Orsay nyumbayo itatsegulidwa mu 1986.

Mzimayi wogwira ganyu m'munda m'zaka zimenezo sankafika mafranki 2 pa tsiku. Banja la Millet nalo silinaone kalikonse pa ndalama za okushoni zija. Nkhani yawo ndi imodzi mwa zimene zinkatchulidwa pamene mu 1920 France anakhazikitsa lamulo lakuti wojambula kapena ana ake azilandirako kagawo chithunzi chikagulitsidwanso.

Kuyambira pamenepo zithunzi za Millet zinasindikizidwa mochuluka zedi: pa makalendala, pa mbale, pa zitini, m'mabuku a ana asukulu. Amayi amene anaopseza Paris anasanduka chokongoletsera chipinda chochezera. Anthu anayamba kuona kuwala kwagolide kokha, n'kuiwala kuti pachithunzipo pali njala, lamulo ndi kapitawo.

Chithunzi chinalowa m'kalasi, chilankhulo chinatsala pakhomo

M'zaka zomwezo zimene France ankakweza mlimi wa pachithunzi, sukulu za boma zinkalimbana ndi malankhulidwe a mlimi weniweni. Nkhondo imeneyi inayamba kale. Mu 1794 wansembe wina wandale, Henri Grégoire, anauza nyumba ya malamulo kuti anthu osachepera 6 miliyoni sadziwa Chifalansa, ndipo anapempha kuti zilankhulo za kumudzi zithetsedwe. Kafukufuku wa unduna wa maphunziro wa mu 1863, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi chithunzi cha okunkha chitaoneka, anapeza kuti m'midzi ndi m'matauni 8,381 mwa 37,510 anthu sankalankhula Chifalansa. Amayi a ku Chailly, pokhala pafupi ndi Paris, ankalankhula Chifalansa cha kumudzi. Koma okunkha anzawo a ku Bretagne, a kummwera konse, a ku Flandre ndi a ku Alsace anali ndi zilankhulo zina ndithu. Komanso m'dziko lonselo, pafupifupi theka la akazi okwatiwa m'zaka za m'ma 1850 sankatha kulemba dzina lawo m'kaundula wa ukwati.

Malamulo a Jules Ferry a 1881 ndi 1882 anachititsa kuti sukulu ya pulayimale ikhale yaulere ndiponso yokakamiza kwa ana a zaka 6 mpaka 13. Chinali chinthu chachikulu: ana a okunkha, atsikana omwe, anaphunzira kuwerenga. Koma maphunziro onse anali m'Chifalansa chokha. M'sukulu zambiri za ku Bretagne ndi za kummwera, mwana wogwidwa akulankhula chilankhulo cha kwawo ankapatsidwa chizindikiro, monga nsapato yamtengo kapena kathabwa, kuti achisunge mpaka atagwira mnzake. Wotsala nacho poweruka ndiye ankalangidwa. Ana anaphunzira kuchita manyazi ndi mawu a amayi awo, ndipo atakula ambiri sanawaphunzitsenso ana awo. Lamulo loyamba lolola zilankhulo zina m'sukulu, lotchedwa Deixonne, linabwera mu 1951, ndipo linatchula zinayi zokha: cha ku Bretagne, cha Abasiki, cha Akatalani ndi cha kummwera chotchedwa occitan. Cha ku Normandy, chimene Millet anayamwira, panalibe.

Apa ndi pamene mbiri ya chithunzichi ikukumana ndi ntchito ya maphunziro a zilankhulo ziwiri ku Mozambique. Kuno nakonso sukulu inakhala nthawi yaitali ikuphunzitsa m'Chipwitikizi chokha, mpaka pamene kuyesa kophunzitsa m'Chinyanja m'chigawo cha Tete ndi m'Chichangana m'chigawo cha Gaza kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, n'kutsegula njira ya ndondomeko imene inayamba mu 2003. Zimene zinachitika ku France zikusonyeza kuti dziko lingathe kunyadira mudzi pakhoma pomwe likuutseka pakamwa m'kalasi.

Mawu amene ana ali nawo kale

Ku France kukunkha sikunathe. Kukadali kololedwa pa malire ofanana ndi akale aja: masana, zokolola zitachotsedwa. Mu 2000 Agnès Varda anapanga filimu yotchedwa Les glaneurs et la glaneuse, imene inatsatira anthu otola mbatata zotayidwa m'minda, mphesa zotsalira ndi ndiwo zosiyidwa m'misika, ndipo inayambira pa chithunzi chomwechi cha Millet.

M'Chinyanja ntchito ya amayi atatu aja ili ndi dzina lake lenileni, ndipo ana amalidziwa asanayambe sukulu. Ku Angónia, ku Macanga kapena ku Tsangano, kumene tirigu amalimidwanso, mwana amene anakunkhapo mtedza kapena chimanga amadziwa kuti salowa m'munda mwini wake asanamalize kukolola, kuti ayenera kufulumira ng'ombe zisanamasulidwe, ndiponso kuti msana umayamba kuwawa dengu lisanafike theka. Ataonetsedwa chithunzi cha 1857 n'kufunsidwa m'chilankhulo chake, angathe kunena chifukwa chimene mayi wa kumanja uja sanawongokere, chifukwa chimene amayiwo atalikirana ndi ngolo, ndiponso ntchito ya munthu wapakavalo. Zimenezi olemba nyuzipepala a ku Paris anazidumpha, poyamba chifukwa cha mantha, kenako chifukwa cha kukongola kwa utoto. Mphunzitsi woyambira pa mawu akuti kukunkha amakhala atapeza kale khomo lolowera ku lamulo la 1554, ku njala ya 1847 ndi ku mawu a Chipwitikizi amene mwanayo adzawafune pofotokozera ena zimene iye akuzidziwa.